Mawu kaye, chuni pambuyo: mmene Rodgers ndi Hammerstein ankapangira masewero a nyimbo

Amene amatsatira mpira wa ku England anamvapo chikhamu cha ku Anfield chikuimba "You'll Never Walk Alone" masewera asanayambe. Nyimbo imeneyi sinapekedwe poganizira za mpira ayi. Inalembedwa mu 1945 kuti iimbidwe m'sewero lotchedwa Carousel, pa nthawi imene mayi wina akutonthoza msuweni wake woyembekezera, yemwe mwamuna wake wangodzibaya ndi mpeni chiwembu chake chakuba chitalephereka. Ku Liverpool inafika kudzera mwa gulu la Gerry and the Pacemakers, limene linaijambula mu 1963.

Eni ake a nyimboyi ndi anthu awiri obadwira ku New York: Richard Rodgers, amene ankapeka chuni, ndi Oscar Hammerstein II, amene ankalemba mawu. Pakati pa 1943 ndi 1959 awiriwa anatulutsa masewero a nyimbo asanu ndi anayi ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, analembera nyimbo filimu imodzi, State Fair ya 1945, komanso anapanga Cinderella ya pa wailesi yakanema mu 1957, yomwe anthu oposa 100 miliyoni anaionera usiku umodzi. Luso aliyense anali nalo kale asanakumane pa ntchito. Chimene chinasintha zinthu ndi ndondomeko imene anagwirizana: nkhani iyambe yakhazikika, mawu abwere pambuyo pake, chuni chibwere pomaliza, ndipo nyimbo iliyonse ikhale ndi ntchito imene ikugwira m'nkhaniyo.

Sewero la nyimbo la ku America lili ndi mbali zitatu zolembedwa: nkhani pamodzi ndi zimene ochita sewero amayankhulana, mawu a nyimbo, ndi chuni. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 mbali yoyambayi inkapeputsidwa. Nkhani inkangokhala chifukwa choti katswiri wanthabwala aonekere, atsikana ovina adzaze siteji, ndipo nyimbo zomwe zingagulitsidwe pa wailesi ziimbidwe. Nyimbo inkatha kuchotsedwa m'sewero lina n'kuikidwa m'lina popanda amene wadabwa. Zambiri zinali ndi kolasi ya ma-bar 32 (tizigawo tofanana timene amawerengera utali wa nyimbo) ogawidwa panayi: chuni cha ma-bar asanu ndi atatu, kubwereza chomwecho, kupatuka pang'ono, kenako kubwerera ku chuni choyamba chija. Popeza anthu ankafuna zoti azivinira, wopeka chuni ndiye ankayamba, wolemba mawu n'kumavutika kulowetsa mawu ake m'kamalo kamene wasiyiridwa.

Umu ndi mmene Rodgers anagwirira ntchito ndi Lorenz Hart kuyambira 1919. Hart anali mlakatuli wakuthwa, ndipo awiriwa anapanga masewero otchuka monga Babes in Arms ndi Pal Joey, koma mowa unamulowerera. Ankasowa masiku angapo, ndipo mawu ankalemba pokhapokha Rodgers atamukhazika pafupi ndi piyano. Mu 1942 bungwe la Theatre Guild, lomwe linali litatsala pang'ono kugwa chifukwa cha ngongole, linapempha Rodgers kuti asandutse sewero la Lynn Riggs la 1931, Green Grow the Lilacs, kukhala sewero la nyimbo. Hart anakana. Rodgers anapita kwa Hammerstein, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ameneyu anali atalemba Show Boat ndi Jerome Kern mu 1927, sewero lomwe linasonyeza kale kuti nyimbo zikhoza kunyamula nkhani yolemera, koma kwa zaka pafupifupi khumi palibe chatsopano chake chimene chinayenda bwino ku Broadway. Ambiri ankamutenga ngati munthu amene nthawi yake inatha. Hart anamwalira mu Novembala 1943, patatha miyezi isanu ndi itatu sewero latsopanolo, Oklahoma!, litatsegulidwa.

Ntchito ya awiriwa inkayamba ndi kukambirana kwa masabata ambiri, palibe wogwira cholembera kapena piyano. Ankadutsa m'nkhani yonse gawo ndi gawo, n'kumafunsana kuti nyimbo igwere pati, aimbe ndani, akuimbira yani, ndipo ikamatha pakhale patasintha chiyani. Akamvana, Hammerstein ankapita ku famu yake ya Highland Farm ku Doylestown, m'boma la Pennsylvania, komwe ankalemba ataimirira pa desiki lalitali. Nyimbo imodzi inkatha kumutengera masabata awiri kapena atatu. Mawuwo ankawatumiza pa positi kapena kuwawerenga pa telefoni, ndipo Rodgers nthawi zina ankamaliza chuni tsiku lomwelo. Kufulumira kumeneku kusatinamize. Pofika nthawiyo Rodgers amakhala atasenza nkhaniyo m'mutu kwa miyezi, akudziwa woimbayo, msinkhu wa mawu ake, ndi liwiro limene malowo akufuna.

Kuyamba ndi mawu kuli ndi zotsatira zake zooneka. Utali wa mzere umatsatira mmene munthuyo angayankhulire, ndiye chuni chimakakamizika kupindika motsata chiganizo m'malo moti chiganizo chidulidwe kuti chikwane m'ma-bar. Chitsanzo chabwino ndi "The Surrey with the Fringe on Top" m'sewero lawo loyamba, Oklahoma! Mnyamata woweta ng'ombe, Curly, akunyengerera Laurey pomufotokozera ngolo yokongola imene amutengere ku phwando. Rodgers anayamba mzere uliwonse ndi noti imodzi yobwerezabwereza, yomveka ngati ziboda za hatchi pa msewu wouma, kenako chuni n'kudumphira m'mwamba. Pa ndime yomaliza, pomwe mawu akunena za ulendo wobwerera usiku, liwiro limatsika mpaka mtsikanayo ayamba kutsamira pa phewa la mnyamatayo. Nyimbo ikamatha, omvera amakhala adziwa kuti Laurey amamufuna Curly ngakhale pakamwa pake akukana.

Chiyambi cha sewerolo chinawavutitsa kwambiri. Mwambo unali woti makatani akatseguka pakhale gulu lalikulu likuimba ndi kuvina, kuti ofika mochedwa akhale pansi osaphonya kanthu. Koma nkhani ya Riggs imayamba m'mawa pa famu, ndipo panalibe chifukwa chomveka chobweretsera atsikana ambiri pamenepo. Anasankha kutsata nkhani. Makatani akatseguka pamaoneka mayi wachikulire mmodzi akupukusa mkaka kuti apange batala, ndipo mawu a mwamuna amamveka kuseri akuimba "Oh, What a Beautiful Mornin'". Hammerstein anatenga zithunzi za m'nyimboyi, chimanga, ng'ombe, nkhungu ya m'mawa, kuchokera m'mawu amene Riggs analemba pofotokoza malo a sewero lake. Atsikana ovina saoneka mpaka patadutsa nthawi yoposa theka la ola. Kuvina nakonso kunapatsidwa ntchito: Agnes de Mille anatseka gawo loyamba ndi gule wa pafupifupi mphindi 15 wosonyeza maloto a Laurey, momwe mantha ake pa Jud Fry, wantchito wa pa famu amene akumufunanso, amaonekera poyera popanda liwu limodzi loyankhulidwa. De Mille anaumirira kuti alembedwe ntchito akatswiri a gule, osati atsikana osankhidwa poona nkhope.

Ndalama zoyambira zinavuta kupeza, poti munalibe dzina lotchuka pakati pa ochita sewero. Koma Oklahoma! itatsegulidwa pa 31 Malichi 1943 ku St. James Theatre, inaonetsedwa maulendo 2,212, kasanu ndi katatu pa sabata, kwa zaka zoposa zisanu. Kampani ya Decca inajambula nyimbo zake ndi oimba omwewo a pa siteji, pa mbale zisanu ndi imodzi za galamafoni, ndipo malonda ake ndiwo anakhazikitsa mwambo woti sewero lililonse la ku Broadway lizikhala ndi chimbale chake.

Carousel, ya 1945, ndi pamene ndondomekoyi inafika pachimake, ndipo Rodgers mwini ankati ndi sewero limene ankalikonda koposa onse. Anatenga Liliom, sewero la Ferenc Molnár la ku Hungary, n'kusamutsa nkhani yake kuchoka ku Budapest kupita ku gombe la Maine m'chaka cha 1873. Muli vuto limene wolemba sewero la chikondi aliyense amakumana nalo. Omvera amafuna nyimbo ya chikondi koyambirira, koma anthu amene angokumana kumene sangauzane kuti amakondana, ndipo akatero nkhani yathera pomwepo. Hammerstein ankalizemba vutoli polemba nyimbo yongoyerekeza. Mu Oklahoma! Curly ndi Laurey amachenjezana kuti asamachite zinthu zimene zingapangitse anthu kuwanena kuti ali pa chibwenzi. Mu Carousel, Billy ndi Julie akhala pa benchi usiku, aliyense n'kufotokoza mmene zikanakhalira akanakhala kuti amamukonda mnzakeyo. Gawo limeneli, lomwe muli "If I Loved You", limatenga pafupifupi mphindi 12, kuyankhula ndi kuimba kukulowana mosadukiza, zida zikulira pansipansi ngakhale pamene akungoyankhula. Likamayamba, Billy wangochotsedwa ntchito. Lili mkati, Julie akusankha kukhalabe pa benchipo akudziwa kuti akachedwa kubwerera kogona atsikana a pa fakitale ya nsalu, nayenso ntchito imuthera. Likamatha, anthu awiri opanda ntchito amangana moyo wonse popanda amene watchula chikondi mwachindunji.

Palinso "Soliloquy", nyimbo ya mphindi zoposa zisanu ndi ziwiri imene Billy amaimba yekha atamva kuti mkazi wake ndi woyembekezera. Amayamba ndi kunyadira mwana wamwamuna, chuni chili chodumphadumpha. Pakati amadzidzimuka kuti mwanayo akhoza kukhala wamkazi, chuni n'kufewa. Pomaliza mantha a umphawi amamugwira, n'kulumbira kuti ndalama azipeza mwa njira ina iliyonse. Chiganizo chopita kukaba chimabadwira m'nyimbo momwemo, moti mukaichotsa, gawo lachiwiri la sewero silimvekanso. Sewero limeneli lili ndi chilema chimene sitiyenera kuchibisa: Billy amamenya mkazi wake, ndipo chakumapeto Julie amayankhula mawu omveka ngati akuchepetsa nkhanzazo. Magulu ena amene amalichita masiku ano amawachotsa mawuwo, ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Nthawi imeneyo oimba sankavala maikolofoni pathupi. Mawu a munthu mmodzi ankayenera kudutsa pamwamba pa gulu la oimba zida n'kukafika mpando womaliza wa holo ya anthu oposa 1,500, usiku uliwonse, kwa miyezi. Choncho nyimbo inkalembedwa poyeza mmero wa amene adzaiimbe. Mu South Pacific ya 1949 anali ndi Ezio Pinza, woimba besi wa ku Metropolitan Opera, ndi Mary Martin, amene ankaopa kuti mawu ake amira akaimba limodzi ndi chimphona chotere. Anakonza zoti awiriwa asapikisane. Pa "Twin Soliloquies" amaimba mosinthana, aliyense zakumtima kwake, ndipo pomwe omvera akuyembekeza kuti mawu awo akumana, zida zokha ndizo zimakwera iwo akumwa chakumwa chawo mwakachetechete. Mu The King and I ya 1951, Gertrude Lawrence, amene ankachita mbali ya mphunzitsi wa ana a mfumu, anali katswiri pa zisudzo koma mawu ake sankafika patali ndipo ankatha kutsika pa noti. Rodgers anamulembera nyimbo zosakwera kwambiri, ndipo nyimbo zofuna mphamvu anazipereka kwa anthu ena a m'nkhaniyo, Tuptim, Lun Tha ndi mkazi wamkulu wa mfumu. Mphunzitsi wachingerezi ndi mfumu ya ku Siam sangauzane za chikondi, ndiye zonse zinaikidwa m'gule mmodzi, "Shall We Dance?", pa kamphindi kamene mfumu imaika dzanja m'chiuno mwa mayiyo. Yul Brynner, amene anali wosadziwika kwenikweni pamene ankapatsidwa mbali ya mfumu, anaichita maulendo oposa 4,600 pa moyo wake.

Rodgers akamaliza, nyimbo imakhala ili pa piyano pokha. Panali anthu ena awiri ofunika amene maina awo satchulidwa kawirikawiri. Wina ndi wogawa manoti ku zida zosiyanasiyana, ndipo pa masewero awo ambiri ameneyu anali Robert Russell Bennett. Iye ndiye ankaona kuti malipenga asalire pomwe woimba ali pa mawu otsika, apo ayi mawuwo samveka. Wina ndi wokonza nyimbo zovinira, amene amakhala pa piyano nthawi ya pulakatisi n'kumatambasula chuni kuti chikwane masitepe. Trude Rittmann anagwira ntchito imeneyi pa masewero angapo. Mbali yaikulu ya nyimbo za gule wa "The Small House of Uncle Thomas" mu The King and I ndi yake, ndipo ndi iye amene anakonza mmene mawu a ana amalukanirana mu "Do-Re-Mi", nyimbo yomangidwa pa do, re, mi yemweyo amene makwaya athu a m'matchalitchi amaphunzirira nyimbo.

Sewero lisanafike ku New York linkayesedwa kaye pamaso pa anthu olipira, kawirikawiri masiku ochepa ku New Haven kenako masabata angapo ku Boston. Olemba ankakhala kumbuyo kwa holo n'kumamvetsera pomwe anthu ayamba kutsokomola ndi kusunthasuntha pa mipando. Usiku ankalemba zosintha ku hotela, masana ochita sewero n'kuziphunzira, madzulo n'kuziyesa. Oklahoma! inafika ku New Haven ikutchedwa Away We Go!, ndipo nyimbo yotamanda dera la Oklahoma itasandutsidwa ya gulu lonse ku Boston, dzina la sewero linasinthidwa. Mu Carousel, Billy akamwalira ankakaonekera pamaso pa Mulungu ndi mkazi wa Mulunguyo atakhala pa balaza. Gawoli silinagwire, ndipo m'malo mwake anaika nkhalamba yopukuta nyenyezi ili pa makwerero. The King and I inali yaitali mopitirira muyezo ndiponso yolemera m'gawo loyamba. Anaidula kwambiri, n'kuwonjezera "Getting to Know You" kuti mphunzitsi aoneke akusangalala ndi ana a mfumu, ndipo chuni chake Rodgers anachitenga pa nyimbo imene inatayidwa pokonza South Pacific.

Si zonse zinayenda. Allegro ya 1947 inali nkhani yodzipekera okha ya dokotala kuyambira kubadwa mpaka zaka 35, pa siteji yopanda zokongoletsa zambiri, gulu la oimba likuyankhula maganizo a munthuyo. Linali khama lolimba mtima, koma linafuna anthu ochuluka kwambiri, ndiye ndalama zolipira sabata iliyonse zinali zambiri. De Mille anapatsidwa kutsogolera sewero lonse pamodzi ndi magule, katundu amene anamulemera, ndipo gawo lachiwiri linamveka ngati ulaliki wonyoza moyo wa m'tauni. Linatha ataonetsa maulendo 315. Mnyamata wa zaka 17 amene ankatumidwatumidwa pa pulakatisi ya sewero limeneli anali Stephen Sondheim, yemwe Hammerstein ankamuphunzitsa kulemba, ndipo zambiri zimene iye anadzachita pambuyo pake zinamera pa zimene Allegro inayesa. Me and Juliet ya 1953, nkhani inanso yodzipekera, inali ndi makina odabwitsa osunthira siteji koma anthu ake analibe chowakhudza omvera. Pipe Dream ya 1955 inachokera m'buku la John Steinbeck lonena za anthu osowa pogwira ndi nyumba ya mahule ku Monterey. Hammerstein anaifewetsa mpaka sizinkadziwika kuti mtsikana wa m'nkhaniyo amagwira ntchito yanji, ndipo sewerolo linatseka litaonetsedwa maulendo 246, ndalama zitalowa m'madzi. Hammerstein ankalemba bwino za anthu amene ankawakhulupirira ndi mtima wonse. Nkhani ikafuna diso louma, dzanja lake linkabwerera m'mbuyo.

Pa nkhani ya tsankho sanabwerere m'mbuyo. South Pacific, yochokera m'nthano za James Michener za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ikunena za namwino wa ku Little Rock amene akukana mwamuna wachifalansa atamva kuti anabereka ana ndi mkazi wa pa zilumbazo, ndi msilikali amene akulephera kukwatira mtsikana wa ku Tonkin, kumpoto kwa Vietnam, poopa a kwawo. Msilikaliyo amaimba "You've Got to Be Carefully Taught", kanyimbo kakafupi konena kuti munthu sabadwa ndi chidani cha mtundu, amachita kuphunzitsidwa ali mwana. Anthu anawalangiza kuti aichotse, iwo anakana. Mu 1953 sewerolo litaonetsedwa ku Atlanta, aphungu ena a boma la Georgia anaidzudzula poyera. South Pacific inaonetsedwa maulendo 1,925, inapata mphoto ya Pulitzer mu 1950, ndipo Juanita Hall anakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Tony. Komabe anthu a ku Asia m'masewero awo amaonedwa ndi maso a mlendo. Ku Thailand, dziko lomwe kale linkatchedwa Siam, komwe Mfumu Mongkut, mfumu ya m'nkhani ya The King and I, amalemekezedwa ngati munthu wophunzira kwambiri amene anakhala zaka zambiri ali mmonke, filimu ya The King and I ndi yoletsedwa.

Awiriwa analinso anthu a bizinesi osagona. Anatsegula kampani yawoyawo yosindikiza nyimbo, Williamson Music, dzina lochokera kwa abambo awo omwe onse anali a William. Kuyambira pa South Pacific anakhala eni sewero, osati olembedwa ntchito, ndipo ankatulutsanso masewero a anthu ena, monga Annie Get Your Gun ya Irving Berlin mu 1946. Umwini wa zolemba zawo sankaugawa. Joshua Logan, amene anathandiza kulemba nkhani ya South Pacific chifukwa Hammerstein sankadziwa kayankhulidwe ka asilikali, dzina lake linalembedwa koma sanapatsidwe gawo pa umwiniwo, ndipo zinamuwawa kwa zaka zambiri.

Umwini umenewu ndi umene unawapatsa mphamvu pa mafilimu. Onse awiri anali atagwirako ntchito ku Hollywood m'ma 1930 ndipo anabwerako osakondwa, poti kumeneko wolemba nyimbo analibe mawu pa zimene studio ichite ndi ntchito yake. Oklahoma! anaisunga zaka pafupifupi khumi osalola kuti ijambulidwe, gulu loyendayenda likupangabe ndalama m'mizinda ya ku America. Pojambula filimu yake, yomwe inatuluka mu 1955, motsogozedwa ndi Fred Zinnemann, anagwiritsa ntchito njira yatsopano ya Todd-AO, ya filimu yaikulu ya mamilimita 70 yothamanga zithunzi 30 pa sekondi. Nyumba zoonetsera mafilimu zokhala ndi makina otere zinali zochepa, choncho gawo lililonse linajambulidwa kawiri, kachiwiriko pa CinemaScope ya zithunzi 24 pa sekondi. Kunja anakajambulira ku Arizona, poti ku Oklahoma kwenikweniko kunali kutadzaza zitsime za mafuta ndi zinthu zamakono, ndipo chimanga anachita kudzala miyezi ingapo kamera isanafike. Filimuyi inasiya "Lonely Room", nyimbo imene Jud Fry amaulula kusungulumwa kwake, ndiye amene anangoona filimu amamudziwa Jud ngati chigawenga chabe.

M'filimu nyimbo zimajambulidwa kaye mu studio, kenako pojambula zithunzi amaziliza pa sipika, wochita sewero n'kumatsatira ndi milomo. Izi zimalola kuti nkhope ikhale ya wina, mawu a wina. Deborah Kerr mu The King and I ya 1956 anaimbiridwa ndi Marni Nixon, amene ankaima pambali pake pa pulakatisi kuti atengere kapumidwe ndi katchulidwe kake, kuti polumikiza pasamveke msoko. Mu South Pacific ya 1958, Rossano Brazzi anaimbiridwa ndi Giorgio Tozzi, ndipo ngakhale Juanita Hall, amene anaimba yekha mbali yake ku Broadway, anamuikira mawu a Muriel Smith. Filimu imeneyi ili ndi cholakwika chodziwika bwino. Logan, amene ankatsogolera filimuyi, ankaopa kuti munthu akayamba kuimba pa gombe lenileni dzuwa likuswa mtengo zidzaoneka zachilendo, ndiye anaika magalasi a mitundu pa kamera kuti nyimbo ikayamba chithunzi chizisanduka chachikasu kapena chofiirira. Mitunduyo inatuluka yowirira kwambiri, ndipo iye mwini anadzadandaula nazo. Anthu anakhamukirabe kukaionera, moti ku London inakhala zaka zoposa zinayi m'nyumba imodzi ya Dominion.

Vuto limene Logan ankalimbana nalo ndi lenileni. Pa siteji omvera avomereza kale kuti zonse ndi zongoyerekeza, ndipo woimba akhoza kuima malo amodzi mphindi zisanu. Kamera imafuna kuyenda, ndipo ikaonetsa phiri lenileni kapena msewu weniweni, kuimba kumafuna chifukwa. Amene anapeza yankho labwino ndi Ernest Lehman, wolemba filimu ya The Sound of Music, ndi wotsogolera wake Robert Wise.

Sewero la pa siteji linatsegulidwa pa 16 Novembala 1959, ndipo ulendo uno nkhani inalembedwa ndi Howard Lindsay ndi Russel Crouse, Hammerstein n'kulemba mawu a nyimbo okha. Anali atapezeka kale ndi khansa ya m'mimba. Nyimbo yake yomaliza, "Edelweiss", inalembedwa ku Boston nthawi yoyesa sewero, ataona kuti Theodore Bikel, amene ankachita mbali ya Captain von Trapp, amatha kuimba ndi gitala koma alibe nyimbo yotsanzikira dziko lake. Anthu ambiri mpaka lero amaiyesa nyimbo yamakolo ya ku Austria. Hammerstein anamwalira pa 23 Ogasiti 1960, filimu isanayambe n'komwe.

Lehman anasuntha nyimbo kuti iliyonse ipeze malo amene kamera ingaigwiritse ntchito. Pa siteji, "My Favorite Things" amaimba mu ofesi mkulu wa masisitere ndi Maria, mtsikana wofuna kukhala sisitere amene akutumizidwa kukasamalira ana a Captain. M'filimu inapita ku chipinda chogona usiku wa mabingu, Maria akulimbitsa mtima ana, ndipo "The Lonely Goatherd", yomwe inali pa malo amenewo, inasanduka chionetsero cha zidole. "Do-Re-Mi" pa siteji imaimbidwa m'nyumba Maria atangofika. M'filimu inachedwetsedwa mpaka ana atayamba kumukhulupirira, kenako inamwazidwa m'malo osiyanasiyana a mzinda wa Salzburg, pa phiri, pa njinga, pa ngolo, pa masitepe a munda wa Mirabell, zovala zikusintha, kotero kuti m'mphindi zochepa omvera amaona masabata akudutsa ndi ana akusanduka oimba. Kuti zimenezi zitheke, malo aliwonse ankayenera kuyezedwa ndi ma-bar a nyimbo yojambulidwa kale, ndipo mvula ya ku Salzburg mu 1964 inatalikitsa ntchito ndi masabata angapo. Panafunika nyimbo ziwiri zatsopano, "I Have Confidence" ndi "Something Good", ndipo Rodgers analemba yekha chuni ndi mawu omwe.

Filimuyi inatuluka mu 1965, Julie Andrews ndi Christopher Plummer ali patsogolo, inapata mphoto zisanu za Oscar, ndipo pofika 1966 inali itaposa Gone with the Wind pa ndalama zolowa. Koma Lehman anachotsanso nyimbo ziwiri za Elsa, chibwenzi cha Captain, ndi mnzawo Max, "How Can Love Survive?" ndi "No Way to Stop It". Yachiwiriyi ndi pamene anthu awiri ochenjerawa amauza Captain kuti chipani cha Nazi sichingaimitsidwe, ndi bwino kungogonja n'kusamala zako. Pa siteji, chibwenzi cha Captain ndi Elsa chimathera pa nyimbo imeneyi, chifukwa cha kusiyana maganizo pa ndale. M'filimu chimatha chifukwa Captain wakonda Maria.